Mkaka ndi mafupa a amayi: nkhani si kashiamu yekha

Sabata yatha mayi wina wa ku Zomba ananditumizira kalata pa imelo. Akuti: "Amayi anga ali ndi zaka 67. Anaterereka kubafa n'kuthyoka mkono, ndipo kuchipatala anati azimwa mkaka chifukwa cha mapuloteni. Ine ndimadziwa kuti mafupa amafuna kashiamu, nanga mapuloteniwa akubwera pati? Vuto lina, mkaka umawatsegula m'mimba."

Pepani achemwali ndi zomwe zawagwera amayiwo. Za kashiamu simunalakwe, koma mwangogwira mbali imodzi.

Ambirife timaganiza kuti fupa lili ngati choko, chinthu chouma gwa. Ayi. Taganizirani nkhokwe: amayamba aluka nsungwi, kenako n'kumata dothi. Dothi lopanda nsungwi silingaime. M'fupa, nsungwizo ndi puloteni yotchedwa kolajeni, ndipo kashiamu ndi fosifolasi ndiye dothi lomatapo. Kolajeni ndi amene amachititsa kuti fupa lipirire munthu akagwa, m'malo mophwanyika ngati mbale yadothi. Komanso fupa ndi lamoyo. Tsiku lililonse thupi limagumula lakale n'kumanga latsopano, ndipo munthu wothyoka ndiye ali pachintchito chomanga. Mapuloteni akachepa, ntchitoyo imayenda mwaulesi.

Apa ndi pamene mkaka umaposa zakudya zambiri, chifukwa umabweretsa nsungwi ndi dothi pamodzi. Kapu ya mamililita 250 ili ndi mapuloteni pafupifupi magalamu 8 ndi kashiamu pafupifupi mamiligalamu 300. Mwa mapuloteni amenewa, magawo 80 pa 100 ndi casein, amene amagwirira kashiamu ndi fosifolasi m'timagulu ting'onoting'ono. Otsalawo ndi whey, opezeka m'madzi aja amene amalekana ndi zibuma mkaka ukasasa. Mapuloteni amathandizanso thupi kupanga homoni yotchedwa IGF-1, yomwe imalimbikitsa maselo omanga fupa.

Palinso china chomwe anthu amachiiwala: minofu. Agogo ambiri amathyoka chifukwa agwa, ndipo amagwa chifukwa miyendo yafooka. Nsima ndi masamba okhaokha tsiku ndi tsiku sizingasunge minofu ya munthu wa zaka 67. Onjezerani kuti mzimayi akasiya kusamba mafupa ake amayamba kupepuka mofulumira, muona chifukwa chake adokotala anakamba za mkaka.

Mwina munamvapo kuti mapuloteni ambiri amakokolola kashiamu m'mafupa. Maganizowa anafala kale chifukwa kashiamu amachulukadi mu mkodzo, koma zinadziwika kuti nthawi yomweyo matumbo amayamwanso kashiamu wochuluka kuchokera m'chakudya. Kwa munthu amene akupeza kashiamu wokwanira palibe choopa. Amene ali ndi matenda a impso okha ndiwo ayambe afunsa kuchipatala.

Tsopano za m'mimbazo. Si amayi anu okha. Akuluakulu ambiri kuno kwathu sagaya bwino shuga wa mu mkaka wotchedwa lactose, n'chifukwa chake mimba imalira n'kudzaza mpweya. Wolakwa ndi shugayo, osati mapuloteni. Ayeseni chambiko kapena yogati, poti mkaka ukasasa shuga uja amachepa koma mapuloteni ndi kashiamu amatsala. Ngati akufuna mkaka wamadzi, ayambe ndi theka la kapu, wothira m'phala, osati kumwa pamimba yopanda kanthu. Wogula kwa alimi muziuwiritsa kaye.

Chimodzi chimandinyansa ndikalowa m'magolosale: ufa woyera wothira mu tiyi umene anthu amautcha mkaka pomwe ndi mafuta a zomera ndi shuga. Tiyi amayera bwinobwino, koma mafupa sapindula kanthu. Werengani papaketi musanagule.

Mkaka ndi wodula, ndikudziwa. Tsiku lomwe palibe, usipa, matemba ndi bonya zodya ndi minga yomwe zimapereka mapuloteni ndi kashiamu limodzi, mofanana ndi mkaka. Nyemba, soya ndi nsinjiro zothira m'masamba ziwonjezere.

Amayiwo asamangobindikira m'nyumba poti avulala. Aziwothera dzuwa kuti khungu lipange vitamini D, amene amathandiza kashiamu kulowa m'thupi, ndipo aziyenda ndithu, mkono wokhawo ndiwo upume. Mukapita kukachotsa chikhakha, mukawafunse adokotala ngati kuthyokaku sikukusonyeza kuti mafupa awo apepuka. Kubafa kuja ikani chogwirira, ndipo ndere zapansizo muzipale.