Asuweni, za mpando wa mumtengo zija

Eee, asuweni, uthenga wanu ndauona. Mukuti mugule climber iti (mpando uja wokwera nawo mumtengo posaka agwape), ya kampani ya Summit yatsopano kapena yotchipa mwaiona pa Facebook ija. Hmm. Inuyo? Amene munkatuma ana kuti akuthyolereni mango kwa agogo? Tanenani zoona. Apongozi anu akuitanani kuti pa 15 Novembala, tsiku limene ku Michigan, kuno ku America, amatsegulira kusaka agwape ndi mfuti, mupite nawo kutchire, ndiye mukuopa kukayaluka. Alamu andiuza... ayi, sanandiuze, ndangoganiza ndekha.

Chabwino. Chinthucho chili pawiri, chokhalira ndi chopondera, chilichonse ndi waya wake wokoleka kumtengo. Mumakweza chapamwamba, n'kutsamirapo, kenako n'kukoka chapansi ndi mapazi, kumangosendera ngati mbozi. Chotopetsa ndi kupeza mtengo. Uyenera kukhala wowongoka, wopanda nthambi mpaka mamita 5 kapena 6, ndipo malo amene agwape amadutsa, mitengo yake imakhala yokhota yokhayokha, kaya chifukwa chiyani. Beech ndi sycamore musayerekeze, khungwa lake ndi loterera. Hickory wa makungwa osendeka uja amachita phokoso, nyama zonse zidziwa kuti mwafika. Oak ndiye bwino. Komanso mtengo umaonda ukamakwera, ndiye pansi pomwepo chopondera chiyang'ane m'mwamba pang'ono, apo ayi mukafika pamwamba chapendekera kutsogolo.

Dikirani... iwe, kiyi ali pa firiji! Pepani.

Eya. Mukuwakumbuka amalume a ku Ntchisi, inu mumati abambo aakulu, chaka chimene nguluwe zinavuta kudimba chija? Anamanga nsanja mumkuyu uja wa m'mphepete. Masiku atatu akumanga, akuuza mudzi wonse kuti Lamlungu tidyera nyama. Madzulo anakwera ndi mkondo, tochi, ndi kabotolo kaja, mukukadziwa. Makwerero ansungwi anangowatsamiritsa, osamanga. Pakati pa usiku nguluwe zija zafika, imodzi n'kubwera kudzadzikanda patsinde penipeni, makwerero aja khu! pansi. Amalume kuponya mkondo, kulasa dzungu. Dzungu, asuweni! Basi anakhala m'mwamba usiku wonse, kuwalitsa tochi, kuonerera chimanga chawo chikudyedwa. Kukuwa sakanakuwa, chifukwa nyumba yapafupi inali yathu, ndipo nkhani ya mbuzi ija inali isanathe. M'mawa amene anawapeza ndi amayi anga omwewo, azakhali anuwo, ali ndi ndowa. Anaima, kuyang'ana m'mwamba, "Mwadzuka bwanji achimwene?" Amalume, "Ndadzuka." Amayi n'kupitirira kumadzi. Anakatunga, anacheza, anatsuka ndi miphika... ayi miphika ndawonjezera, koma makwerero anawaimika pobwerera. Mpaka kumwalira kwawo amalume ankati anatsala dala kuti awerenge nguluwe.

Ndimanena chiyani? Eya, chopondera. Chimatha kupulumuka kumapazi n'kutsetsereka mpaka pansi, inu n'kutsala lende pa chokhalira, ndipo kutchire la ku Michigan kulibe azakhali odutsa ndi ndowa. Ndiye zigawo ziwirizo muzilumikize ndi chingwe chachifupi musanayambe. Chachikulu kuposa zonse ndi harness, malamba ovala okugwirani mukagwa, ya thupi lonse, yodutsa m'mapewa ndi m'ntchafu. Muikoleke kumtengo mudakali pansi, muzisuntha lamba wake mukamakwera, osati kudikira mukafike. Anthu ambiri amagwa pokwera ndi potsika. Kaya ndi Summit kaya ndi ya pa Facebook, funso lenileni ndi limenelo. Kungoti yakaleyo muione waya ngati sanadyeke, ndi mapini ngati alipo onse.

Zina ndi zing'onozing'ono. Mfuti simukwera nayo, mumaisiya pansi yopanda zipolopolo, yomangidwa kuchingwe, n'kuikoka mutakhazikika. Chinthucho chimalemera pafupifupi makilo 9, ndiye mukachibereka mutavala jekete lonse mufika thukuta kamukamu, mukangokhala ola limodzi m'mwamba chisanu chikulowani m'mafupa. Jekete mukavalire komweko. Zitsulo muzimange zolimba zisamagundane panjira, mphepo izichokera kumene mukuyembekezera nyama, ndipo chovala cha orenji musaiwale, ndi lamulo.

Koma mwandimva? Dzimangirireni kumtengo phazi lisanachoke pansi. Ndipo tsiku loyamba kukwera lisakhale la mbandakucha mumdima, apongozi akukuwalitsirani tochi. Bwerani kuno ku South Bend Loweruka, kuseli kwathu kuli oak wabwino, mukwere mita imodzi yokha masana, mutsike, mukwerenso, ana akusekeni kuno kwathu konkuno. Climber yanga ndikubwerekani, musagule kaye. Harness yokha mugule yanu, ya saizi yanu, chifukwa ndi mimba yanu imeneyo, harness yanga siikukwanani. Chingwe, harness, mudakali pansi. Alamu, ndikudziwa mukumvetsera, muwakumbutse. Ndipo mubwere ndi ufa uja munalonjeza mu Juni.