Yankho pa nkhani yogula vinyo wa paukwati

Amayi, mwafunsa mmene mungagulire vinyo wokwanira paukwati wa mwana wanu kuno ku Mzuzu popanda kuwononga ndalama zambiri. Yambani mwawerenga alendo amene amamwadi vinyo, chifukwa pa maukwati athu ambiri amakonda zoziziritsa kukhosi ndi thobwa, ndipo ena mpingo wawo suwalola n'komwe. Botolo la mamililita 750 limadzaza matambula asanu, pamene katoni ya malita 5, yomwe kawirikawiri imachokera ku South Africa, imapitirira matambula 30, ndipo mukawerengera bwino mtengo wake ndi wotsikirapo. Ine ndingasankhe makatoniwo, mabotolo ochepa n'kusungira tebulo la akwati. Pitani kwa ogulitsa mopikulitsa, mugwirizane nawo kuti adzalandire mabotolo osatsegula ngati atatsala. Vinyoyo musamusiye m'galimoto padzuwa, ndipo woyera agone mufiriji usiku woti mawa ndi ukwati.