Kufufuza zinthu zakale ndi makina kumabwinja a migodi ya golide ku Mpumalanga

Sabata yathayi ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Ntcheu amene akugwira ntchito ku Mbombela, m'chigawo cha Mpumalanga m'dziko la South Africa. Iwo akuti anagula makina ofufuzira zitsulo pansi, aja amatchedwa metal detector, ndipo akufuna kuti masiku opuma azipita kumabwinja a migodi yakale ya golide ku Pilgrim's Rest ndi ku Barberton kukafunafuna zimene anthu okumba migodi anasiya. Akufunsa kuti angapezeko chiyani, komanso ngati kutero n'kololedwa.

Bambo, ndiyamba ndi funso lachiwirilo chifukwa ndi limene lingakugonetseni m'chitokosi. Lamulo la National Heritage Resources Act la mu 1999, m'gawo 35, limaletsa munthu aliyense kufika ndi makina ofufuzira zitsulo pamalo a zinthu zamakedzana kapena kuwagwiritsa ntchito pamenepo popanda chilolezo, ndipo limaletsanso kufukula, kuchotsa kapena kugulitsa zopezeka pamalo otero. Malinga ndi lamuloli, zotsala za anthu zimene zinasiyidwa m'nthaka ndipo zaposa zaka 100 ndi zamakedzana, ndiponso ndi katundu wa boma, ngakhale munda umene zapezekamo uli wa munthu. Zilolezo zimachokera ku bungwe la SAHRA, limene limayang'anira zinthu zakale m'dziko lonse la South Africa, kapena ku ofesi ya chigawo yoona za zinthu zakale, ndipo nthawi zambiri zimaperekedwa kwa akatswiri ofukula za m'mabwinja amene ali ndi kafukufuku wodziwika. Palinso lamulo la Precious Metals Act la mu 2005, limene sililola munthu wopanda chiphaso kusunga golide wosayengedwa, choncho ngakhale kachidutswa kongotola mumtsinje kangakubweretsereni mlandu.

Malo mwatchulawo akugwa m'lamuloli mosakayikitsa. Golide wa ku Pilgrim's Rest anapezeka mu 1873 ndi Alec Patterson, munthu amene anzake ankamutchula kuti "Wheelbarrow" chifukwa ankayenda ndi katundu wake yense pa wilibala, ndipo pasanathe nthawi chigwacho chinadzaza ndi mahema a anthu osefa mchenga m'mbali mwa mtsinje. Golide wa mumchenga atayamba kuchepa, ntchito inapita m'manja mwa makampani okumba pansi, makamaka Transvaal Gold Mining Estates, ndipo mu 1986 tauni yonseyo inaikidwa m'gulu la malo otetezedwa a dziko. Ku Barberton chipwirikiti chinayamba mu 1884, kenaka mu 1885 Edwin Bray anapeza mwala wa golide wambiri pamene panadzakhala mgodi wa Sheba, ndipo pamwamba pa mapiri apafupi panamangidwa Eureka City, imene lero yangotsala makoma okhaokha.

Ponena za zimene zili m'nthakamo, musayembekezere chuma. Pamalo pamene panali msasa wa okumba migodi pamakhala misomali yosawerengeka, zitini za nyama ndi nsomba, zidutswa za malata, nsapato za akavalo ndi abulu, mitu ya mapiki ndi mafosholo odyeka ndi dzimbiri, ndipo mwa apo ndi apo mabatani amkuwa, zotsekera malamba, makoko a zipolopolo kapena ndalama yachitsulo imene inagwa m'thumba la wina. Makina wamba ofufuzira zitsulo, amene mtundu wake umatchedwa VLF, amavutika pamalo otero chifukwa amalira pa sitepe iliyonse, ndipo mukawatchera kuti asiye kulira pa chitsulo wamba, kabatani kogona pafupi ndi msomali kamabisika nawo limodzi. Dothi la kumigodi nalonso limakhala ndi miyala yokhala ndi chitsulo imene imasokoneza makinawo. Makina a mtundu wina, wotchedwa pulse induction, amapirira dothi lotere ndipo amamva zakuya, koma sasiyanitsa bwino chitsulo ndi mkuwa, moti munthu amatha tsiku lonse akukumba zitini.

Ambiri amene amandifunsa zimenezi amaganiza za Veldpond, ndalama zagolide zimene Mabuno anasula ku Pilgrim's Rest mu 1902 nkhondo yawo ndi Angerezi ili kumapeto. Zinasulidwa 986 zokha, choncho kuyembekezera kuti mutola imodzi m'tchire n'kudzinamiza.

Kwa ine, chimene chimapangitsa batani lija kukhala laphindu ndi malo amene lagona. Likapezeka pamodzi ndi mphika wachitsulo ndi mikanda kuseri kwa mzere wa nyumba za mabwana, limatiuza kumene antchito akuda ankagona ndi zimene ankadya, pomwe mabuku a makampani sanalembe zambiri za moyo wawo ngakhale kuti iwowo ndi amene ankanyamula miyala. Likangozulidwa n'kuikidwa m'botolo kunyumba, umboni wonsewo umatha ndipo limasanduka kachitsulo kosagulika n'komwe.

Ndikuganiza kuti chidwi chanu chinachokera m'mavidiyo a pa YouTube, amene ena amajambulidwa ku Victoria, m'dziko la Australia. Kumeneko munthu amagula chiphaso chotchedwa Miner's Right n'kumafufuza golide mwalamulo m'malo ololedwa, ndipo ndi kumene Kevin Hillier anapeza ndi makina otere chibuma cha golide cholemera makilogalamu 27 mu 1980, pafupi ndi Kingower. Komabe ngakhale kumeneko zotsala za m'misasa yakale n'zotetezedwa, ndipo malamulo awo sagwira ntchito ku Mpumalanga.

Pali chinanso chimene inu monga mlendo ku South Africa muyenera kuchiganizira. Migodi yambiri yosiyidwa kumeneko ili m'manja mwa azamazama, anthu okumba golide popanda chilolezo, ena a iwo okhala ndi mfuti, ndipo apolisi akakupezani ndi makina ndi fosholo pafupi ndi dzenje sadzayamba n'kufunsa ngati mumakonda mbiri yakale. Maenje enanso anabisika ndi udzu ndipo matabwa otchinga pakamwa pake anaola kalekale.

Ngati mukufuna kuona zinthuzi, pitani ku Pilgrim's Rest masana mukayendere nyumba zosungiramo zinthu zakale, kumene amaonetsanso kasefedwe ka golide ndi mbale, luso limene linachititsa kuti mpikisano wa dziko lonse lapansi wosefa golide uchitikire m'tauniyo mu 2005. Makina anuwo agwiritseni ntchito pamalo pamene mwini wake wakulolani ndipo palibe bwinja. Mukakumana mwangozi ndi chinthu chooneka chakale, chisiyeni pomwepo, chijambuleni ndi foni, lembani malo ake, kenaka mukauze a ku nyumba yosungiramo zinthu zakale imene ili pafupi kapena a SAHRA, monga mmene gawo 35 lija limalamulira.