Penti akukuuzani alandilodiyo mukane

Asisi, mwafunsa za zakuda zomwe zatuluka pakhoma m'nyumba mukuchita rentiyo, mwana akutsokomola, alandilodi akuti mungopakapo penti. Zakuda zapakhomazo ndi chuku, ndipo kutsokomola kwa mwanayo musakuone mopepuka. Ine zinandionekera ku Bangwe mu 2023. Mvula ya Freddy ija itatha, khoma la kuchipinda silinaumenso, zovala zonse kumangonunkha chinyezi.

Usiku wina mwana wanga anadzuka akubanika, m'chifuwa mukulira ngati kamwana ka mphaka, nthiti zikulowa mkati, ngakhale kulira kukumukanika. Magetsi atazima, ndikuunika ndi foni, bambo ake ali ku nayiti. Ndinangomubereka, patapata phazi limodzi, kuthamanga m'matope mpaka kumsewu. Wakabaza naye poona kuti ndapanikizika mtengo anachita kuwirikiza. Kuchipatala anati ndi mphumu, n'kundifunsa ngati m'nyumba muli chinyezi. Nditabwerako ndinakoka wadilobu. Mayo ine! Kuseri kuli bii kuchokera pansi mpaka m'chiuno, kunsi kwa matilesi kwabiriwira, nsapato zakutchalitchi zitamera ubweya.

Alandilodi anga ati vuto ndi ine, ndimatseka mawindo. Munthu anamanga nyumba osaika pepala la DPC, lotchinga chinyezi lija, pa faundeshoni, madzi akuchita kukwera m'njerwa kuchokera pansi, ndiye mawindo alakwanji? Anatuma mnyamata kudzapaka penti pamwamba pomwepo, khoma lili lonyowa. Mwezi usanathe penti yatupa, chuku chatulukiranso, iwo renti akweza ati nyumba yakonzedwa. Anthu ena Mulungu awaone.

Inu tulutsani mwana panja, tsegulani mawindo onse, valani masiki ndi magulovesi, mupukute ndi Jik wothira madzi. Osapala khoma lili louma, fumbi lakelo ndi lomwe limalowa m'chifuwa. Jik osamusakaniza ndi viniga kapena mankhwala otsukira m'toileti, mpweya wake ndi poizoni. Kwanga chinkabwererabe, koma pukutanibe. Bedi ndi wadilobu muzisunthe zisagunde khoma, zovala zonyowa osayanika m'chipinda, kuseri kwa nyumba mukumbe ngalande madzi asamaime, muonenso ngati malata sakudontha. Matilesi ngati chuku chalowerera mkati ingotayani. Ena akuuzani kuti muumitse khoma ndi mbaula, chonde osagona nayo mutatseka chitseko, makala amapha mwakachetechete.

Alandilodi anuwo muwalankhule mwaulemu, osakangana nawo, nyumba m'tauni muno zikusowa. Koma mwanayo mawa lomwe apite kuchipatala.