Za Lachinayi ku Mvano

Mwana wanga, uthenga wako uja ndaumva, woti amayi a Mvano akupempha ukayankhule za kadyedwe kabwino Lachinayi, ndiye ukufunsa kuti utani kuti akakumvere. Ndikuyankha ndili kukhitchini, phokosoli usadabwe nalo.

Pepala ulisiye m'chikwama. Tenga lichero. Uikemo ufa wa mgaiwa, nsinjiro, usipa, nkhwani, papaya ndi peyala. Magulu asanu ndi limodzi aja akwana pamenepo: zokhutitsa, zanyemba, zanyama, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Licherolo lizungulire, aliyense agwireko. Ukayamba kutchula maapozi, mkaka wa m'sitolo ndi nkhuku, basi wawataya, mumtima adzangoti zimenezo n'za anthu a ndalama.

Ndiye kakhalidwe kako. Uvale chitenje, ndipo iwo akakhala pamphasa nawenso khala pamphasa pomwepo, usaime pamwamba pawo ngati mphunzitsi. Uyambe kupereka moni kwa amayi busa ndi akuluakulu, bondo pansi. Ambiri mwa iwo alera ana asanu, ena asanu ndi awiri, iwe uli ndi mmodzi, ndiye mawu oti "mumalakwitsa" asatuluke m'kamwa mwako. Uzinena kuti "ife". Ife timathira madzi ambiri m'phala. Ife timagulitsa mazira onse, mwana osalawako n'limodzi lomwe. Kenako uwafunse: amayi, kwanu phala la mwana mumaikamo chiyani? Adzayankha okha, wina soya, wina nsinjiro, wina usipa wosinja, iwe kwako n'kungovomera ndi mutu n'kuwonjezera pang'ono.

Nambala utenge imodzi yokha. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'Malawi muno anali opinimbira. Uitchule motere: ana atatu akamasewera pabwalo, mmodzi sakukula bwino. Ukatero khala chete. Uwayang'ane kumaso, uwerenge mpaka katatu mumtima, mawuwo akhazikike. Koma chonde, chonde mwanawe, usaloze mwana wa munthu, ngakhale ndi maso. Ndidaonapo mlangizi wina kusikelo atanyamula mwana woonda pamaso pa gulu kuti akhale chitsanzo. Mayi wake adatenga mwana wake n'kumapita misozi ili m'maso, ndipo sadabwererenso. Mpaka lero zimandipweteka.

Ukafika pa masiku 1,000 oyambirira, kuchokera pamene mayi waima mpaka mwana atakwanitsa zaka ziwiri, tsitsa mawu, uyankhule pang'onopang'ono. Pamenepo uwatembenukire agogo, chifukwa m'makomo ambiri ndiwo amalamula zoti mpongozi woyembekezera adye chiyani, ndipo ena amaletsabe mazira. Usawatsutse pagulu. Uwapemphe kuti akuthandize.

Aa, ndikadaiwala. Ngati pali mbaula, muphike phalalo pomwepo, mgaiwa, nsinjiro ndi nkhwani zosinja, ana alawe amayi awo akuona. Mbatata yofiira m'kati ija, ya vitamini A, ndili nayo kudimba. Mutume mchimwene wako adzatenge Lachitatu madzulo, ndikukumbira yokwana onse.