Boti lotchipa lili ku Nkhotakota, mwini wake ali ku Kasungu

Bambo wina wa ku Mtunthama, m'boma la Kasungu, walemba motere: "Ndine mlimi wa fodya. Chaka chino ku msika wa fodya wa Chinkhoma zandiyendera ndipo ndatsala ndi kangachepe. Mnzanga wandiuza za boti la injini, logwirapo kale ntchito, lomwe likugulitsidwa motchipa ku Nkhotakota chifukwa mwini wake akufuna ndalama mwachangu. Ndikufuna ndiligule kuti pa tchuthi ine, mayi akunyumba ndi ana tizikayenda nalo panyanja, masiku enawo lizibweretsa ndalama. Sindinakhalepo ndi boti. Ndiyambire pati?"

Zikomo bambo, ndipo mwachita bwino kufunsa ndalama zikadali m'thumba. Tiyambe ndi msewu, za botilo zibwera. Kuchoka ku Mtunthama kukafika kunyanja mumatsata M18, kudutsa m'nkhalango ya nyama ya Nkhotakota, ulendo woti simungamauyende madzulo aliwonse kukaona ngati katundu wanu ali bwino. Ndiye dzifunseni moona mtima: pa chaka mudzakwera botilo kangati? Mlimi wa fodya ndimamudziwa. Nazale ikayamba, kenako kuwokera, kupalira, kuthyola, kusoka, kudinda mabelo, mpata wake umapezeka pa Khirisimasi ndi pa Isitala basi, mwinanso ana akatsekera sukulu fodya atagulitsidwa. Masiku ena onsewo boti lili m'manja mwa munthu wina, kapena langokhala pagombe.

Ndipo boti longokhala limawonongeka msanga kuposa loyenda. La matabwa likakhalitsa padzuwa matabwa amauma n'kusiya mipata, tsiku lolibwezera m'madzi mumangokhalira kukapa. Likasiyidwa m'madzi popanda wolisamala, mvula imalidzaza. Petulo wotsalira mu injini amauma n'kutseka kabuleta. Kuwonjezera apo, injini za maboti akuba amazikonda chifukwa zimamasulidwa n'kunyamulidwa paphewa, choncho mufunika mlonda kapena nyumba yodalirika yosungirako. Zonsezi n'zolipira mwezi ndi mwezi, mukwere musakwere.

Ngati cholinga chenicheni ndi chisangalalo cha banja, langizo langa ndi lakuti musagule. Mukafika ku Nkhotakota, ku Chia kapena ku Senga Bay, chitani hayala boti pamodzi ndi woyendetsa wake amene amaidziwa nyanja. Ndalama ya hayala ya maulendo ochepa pa chaka singafike pa zimene mungawononge posunga boti lanulanu. Ndikudziwa kuti mawu akuti "boti langa" amakoma pakamwa, makamaka pocheza ndi anzathu pa Kasungu boma, koma kukomako kuli ndi mtengo wake.

Tsono ngati mtima wagunda kale ndipo mukufunadi kuti likhale bizinesi, nazi zofunika kuziyang'ana, ndipo ndikhalitsa pa injini chifukwa ndalama zanu zambiri zili pamenepo. Thupi la boti amisiri a kunyanja amalikonza ndi matabwa, misomali ndi phula. Injini ikafa, zipangizo zake zimachokera kunja, ndipo chigwetsereni ndalama ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse chogulidwa ndi ndalama zakunja chinakwera osabwereranso. Pa nyanja yathu asodzi ambiri amadalira Yamaha Enduro, ya mahatchi 15, 25 kapena 40. Ubwino wake ndi wakuti amakaniko a m'madoko amaidziwa ndipo zipangizo zake sizivuta kupeza. Injini ya dzina lachilendo, ngakhale iwale bwanji, ingakugonekeni miyezi kudikira kachitsulo kamodzi.

Pitani ndi makaniko wanu, amene mwamupeza nokha ndipo mukumulipira ndinu, osati amene wogulitsa wakulozerani. Fikani m'mawa ndipo muuziretu mwini wake kuti asalize injini musanafike. Ikhudzeni ndi dzanja. Ikakhala yofunda, dziwani kuti aitenthetseratu pofuna kubisa kuvuta kwake polira. Ikalira, yang'anani kumbuyo kwake: pamayenera kutuluka kamadzi kothamanga mosadukiza, kusonyeza kuti pampu yoziziritsa ikugwira ntchito. Kamadziko kakamadontha mofooka kapena osatuluka, injiniyo mwina yakhala ikutentha mopitirira, ndipo zowonongeka zake zili mkati momwe simungaone. Makaniko amasule kabawuti ka oyilo wa giya pafupi ndi pulopela. Oyilo akatuluka wotuwa ngati tiyi wamkaka, madzi akulowa m'magiya. Ayezenso mphamvu ya masilinda ndi geji. Onse azifanana kapena kuyandikana. Achotse mapulagi awaone. Pulopela ikhale yosapindika, yosabenthuka. Izi zonse sizitenga ola limodzi, ndipo wogulitsa amene akukana kuti zichitike wakuyankhani kale.

Thupi la boti lionereni kumtunda, osati lili m'madzi. La matabwa, bayani ndi sikuludiraiva m'munsi ndi m'makona. Pofewa ndiye kuti pawola. Penti watsopano pamalo amodzi okha muzimukayikira. La faiba, yendani pansi pake mumve ngati pakubonya, kenako gwedezani injini mwamphamvu muone ngati thabwa lakumbuyo lomwe yamangidwapo likugwedera nawo. Likagwedera, kukonza kwake n'kodula.

Kenako liyeseni panyanja, mutakwera anthu ochuluka ngati banja lanu, kwa theka la ola kapena kuposerapo. Pano nyengo ikukuthandizani: ndalama za fodya zimabwera nthawi ya mwera, mphepo yochokera kummwera yomwe imavuta kuyambira cha mu May mpaka August. Boti looneka bwino pamadzi odekha limaulula zonse mafunde akayamba. Sindikunena kuti mulowe m'nyanja mwera utakwiya, ayi. Asodzi akati lero sikolowa, amvereni. Koma musagule boti limene mwangoliona litakocheza.

Za mafuta anthu ambiri amadzidzimuka nazo. Injini ya mahatchi 40 ikamathamanga mphamvu zonse imamwa malita pafupifupi 20 pa ola, ya mahatchi 15 malita pafupifupi 7. Chulukitsani ndi mtengo wa petulo wa lero, muwonjezerepo oyilo wosakaniza, chifukwa injini zimenezi zimayendera petulo wothira oyilo wake wapadera, kawirikawiri mamililita 400 pa malita 20 aliwonse. Kumbukiraninso masiku aja timagona pamizere ya mafuta. Boti la bizinesi nalo limaima. Kwa banja ndi katundu wochepa, ya mahatchi 15 ikukwanirani, ndipo ndiyo yosavuta kugulitsanso mukadzatopa nalo.

Mawu akuti mwini wake "akufuna ndalama mwachangu" andiimitsa pang'ono. Mwina ndi zoona, mavuto amagwa. Koma mawu omwewa amanenedwanso ndi munthu amene akugulitsa injini yakuba, kapena boti lomwe analiika chikole pa ngongole. Injini iliyonse ili ndi nambala yake pa kachitsulo ka pomangirira. Ifanane ndi ya pa lisiti yogulira, ndipo ikakhala yopalidwa, tembenukani muzipita. Funsani a komiti ya pagombe, a BVC, ndi amfumu a pamenepo ngati botilo ndi lakedi ndiponso ngati palibe mlandu. Mgwirizano ulembedwe papepala, manambala a zitupa za unzika alembedwepo, mboni zisaine, ndipo ndalama zidutse ku banki kuti pakhale umboni. Musapereke ya chikole pa foni musanalione.

Bizinesi yake ikhala yotani? Funso ili muliyankhe musanagule. Kunyamula anthu kapena alendo kumafuna kuti botilo lilembetsedwe ndi kuyezedwa ndi a Marine, nthambi ya boma yoona za maulendo a pamadzi. Usodzi umafuna chiphaso cha ku Dipatimenti ya Usodzi, komanso boti lokha silipha usipa: pafunika ukonde wa chilimira, nyali, mabwato othandizira ndi gulu la anyamata, ndalama zinanso zambiri. Ndipo amene ali ku Mtunthama sangawerenge nsomba zomwe zaphedwa usiku ku Nkhotakota. Ngati mulibe m'bale kapena munthu wokhulupirika kunyanjako, njira yochepetsa mikangano ndi kubwereketsa boti pa mtengo wokhazikika pa sabata kapena pa mwezi, mutalemba bwino kuti mafuta ndi a yani, kukonza ndi kwa yani.

Popeza mudzakwezamo ana, majekete oyandamitsa agulidwe tsiku lomwelo ndi boti, aliyense lake lomukwana, pamodzi ndi nkhafi, nangula ndi chokapira madzi. Ife a kumtunda kuno ambiri kusambira sitidziwa. Anzathu a ku Mchinji sanaiwale ngozi ya pa mtsinje wa Rusa mu 2023, pamene bwato lonyamula anthu opita kumaliro linagubuduzika anthu n'kutaya miyoyo. Umenewo unali mtsinje chabe.

Pa ndalama, khalani pansi ndi mayi akunyumba. Chotsani kaye ya feteleza, ya nazale, ya antchito, ya chakudya ndi ya fizi mpaka fodya wa chaka chamawa adzagulitsidwe. Yotsalayo igaweni patatu: magawo awiri ndiwo malire a mtengo wa boti, gawo lachitatu lidikire zokonza, mapepala ndi majekete a chaka choyamba. Mtengo wa wogulitsayo ukapyola magawo awiriwo, nenererani kapena lisiyeni, ndipo musapite kwa akatapila kukakwaniritsa.