Kwa achemwali ofuna kukadyera Khrisimasi ku Mulanje

Achemwali, mwafunsa ngati n'kwanzeru kunyamuka pa 22 Disembala ndi mwana wanu wobadwira konkuno ku Joni, kukaona amayi ku Mulanje, komanso ngati mukwere basi kapena ndege. Kupitako pitani, agogo amuone mdzukulu wawo. Koma musanafunse za mtengo wa tikiti, tsegulani kaye pasipoti muone chidindo chomaliza, chifukwa ulendo wa Disembala suvuta popita, umavuta pobwerera.

Ife Amalawi tikalowa muno opanda permit timapatsidwa masiku 30 basi. Malamulo amene anayamba kugwira ntchito mu 2014 amati ukawonjezera masiku osaposa 30 pa amene unapatsidwa, umaletsedwa kulowanso kwa chaka chimodzi, ndipo ukawonjezera oposa 30, ndi zaka 5. Zimenezi amakudindira potuluka pa Beitbridge, chipata cha m'malire a South Africa ndi Zimbabwe. Kumudzi mukafika bwinobwino, nkhuku n'kudya, koma Januwale akakwana ntchito yanu ili kuno inu muli uko. Alipo ena pagulu pano amene akuuzeni kuti musade nkhawa, pali anyamata okonza zidindo. Chidindo chogula chimaoneka bwino papepala koma mu kompyuta mulibe, ndipo tsiku logwidwa mwini wake mudzakhala nokha. Ngati muli ndi pepala la asylum ndiye samalani kwambiri: kubwerera kudziko limene munati mukuthawa kumatengedwa ngati umboni woti vuto lanu linatha, pepalalo likhoza kuthera pomwepo.

Mwanayo nayenso akufunika chiphaso chakechake choyendera. Satifiketi yobadwira ya kuno si pasipoti, ndipo kubadwira ku Joni sikumusandutsa nzika ya dziko lino. Pitani ku ofesi ya kazembe wathu muno mu Johannesburg kapena ku Pretoria msanga, osadikira sabata yonyamukira pamene aliyense wakumbukira zomwezo. Satifiketiyo muinyamulebe, ndipo ngati bambo ake sakupita nawo, akulembereni kalata yovomereza, yodindidwa kupolisi.

Tsiku mwasankhalo ndiye ayi. Makampani a zomangamanga ndi mafakitale ambiri amatseka chapakati pa Disembala, ndiye a ku Zimbabwe, a ku Zambia ndi ife tonse timakathithikana pa mlatho umodzi womwewo wa Limpopo. Masiku wamba basi yochoka ku Park Station imadutsa Musina, Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete, n'kukalowa pa Mwanza, ndipo ku Blantyre mumafika patatha tsiku limodzi ndi theka. Sabata ya Khrisimasi, pa Beitbridge pokha mutha kuswera, mwana kumsana, dzuwa likuswa mtengo, inu muli pamzere ndi zikwama zomwe atsitsa zonse kuti azione. Abwana akalola, nyamukani lisanafike 10 Disembala. Akakana, bola kudyera Khrisimasi kuno n'kupita kumapeto kwa Januwale, mabasi ali ndi malo.

Mukasankha basi, kwerani yodziwika ngati Intercape, yokhala ndi ofesi yoti mungakadandauleko, ndipo gulani tikiti yobwerera tsiku lomwelo. Nyamulani madzi ambiri, chifukwa kutentha kwa ku Tete si kwamasewera, komanso buledi, phala la mwana, chitenje chapadera, power bank ndi timarandi tosinthasintha tolipira kuchimbudzi. Ndege ya Malawi Airlines kapena Airlink yochoka ku OR Tambo imatera ku Chileka patangotha maola awiri ndi kanthu. Ndi mwana wamng'ono ine ndingasankhe imeneyo ngati thumba likulola, koma mitengo ya Disembala imafuna wogula msanga.

Katundu wolemera, monga mabulangete, mapoto, TV, tumizani kale kudzera kwa ma transporter amene anzanu anawagwiritsapo ntchito, inu muyende ndi zikwama ziwiri. Malisiti musataye, a MRA pa Mwanza akafuna kuwerengera msonkho muwaonetse. Komanso tiuzane zoona, mwezi umenewu kumudzi chimene chikusowa si nsapato za ku China Mall. Chimanga chili m'munda chikudikira feteleza wobereketsa, ndipo m'nkhokwe mwayamba kuoneka pansi. Thumba limodzi la feteleza amayi adzalikumbukira nthawi yokolola.

Ndalama musayende nazo zambiri m'thumba. Tumizani pa Mukuru kapena Mama Money, mukazitapa pa Airtel Money kapena Mpamba mukafika. Ndipo musananyamuke lipiriranitu lendi ya Januwale, muikenso padera ya thiransipoti ndi chakudya mpaka malipiro oyamba. Kumudzi wochokera ku Joni amaoneka ngati banki yoyenda. Tsiku lachiwiri lomwe pakhonde padzakhala amalume, azakhali, ndi msuwani amene simunamuonepo, aliyense ndi vuto lake lenileni, ndipo simudzatha kukana. Zogawira abale perekani kwa amayi zonse pamodzi, iwo ndi amene akudziwa yemwe akuvutikadi. Inu muzingoti zonse zili kwa amayi.

China chimene ambiri timachipeputsa ndi malungo. Ku Joni kulibe malungo, choncho mwana wanu thupi lake silinakumanepo nawo, ndipo inunso chitetezo chija munali nacho chimachepa mukakhalitsa kuno. Disembala ndi dzinja, udzudzu uli ponseponse. Pitani kukiliniki musananyamuke mukafunse za mankhwala oteteza, ndipo mugule neti yanuyanu, osadalira yopezako. Mukabwerera, mwana kapena inu mukangotentha thupi, ngakhale patapita milungu ingapo, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo ndipo muwauze poyambirira penipeni kuti munali ku Malawi, chifukwa kuno akhoza kuyamba kuganiza za chimfine.